Katapila wa Petronela

Ndirande,
Blantyre.
3 Juni, 1997.

Okondedwa achimwene a Venansio,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kutchalitchi? Muwapatse moni wanga. Kuno moyo ulipo, koma mtendere ndilibe, ndipo kalatayi ndikulemba mtima ukuwira ndi ukali.

Ndiyambe ndi chimene simuchikonda: ndalama ya amayi mwezi uno sinditumiza. Musafulumire kunditukwana, tamvani kaye malodza amene andionekera.

Lachisanu lapitali, tsiku la malipiro, ndikutuluka pageti la fakitale, mlonda anandiuza kuti ndili ndi alendo. Ndinapeza anyamata awiri adzitho, wina atavala magalasi akuda kunja kuli mitambo. Akuti, "Ndinu a Petronela Khembo?" Ine ndinavomera, poti mukudziwa kuti kuntchito ndi pa mapepala anga onse ndine Petronela, dzina la achemwali lija ndinalembera mayeso a Sitandade 8. La Jesinta limathera kumudzi komweko. Nditangovomera, wamagalasi uja anagwira lamba wa chikwama changa n'kunena kuti abwana awo a Hawkins atopa kudikira.

Hawkins wake uti? Akuti wa katapila, wa ku Zingwangwa. Akuti ine ndinakatenga kwa iye K2,000 mu Epulo, n'kubwereranso mu Meyi kukatenga K1,500, ndipo pamodzi ndi chiwongoladzanja zadutsa kale K6,000. Malipiro anga a miyezi iwiri sakwanira n'komwe.

Achimwene, ine katapila? Ine amene ndimayenda wapansi tsiku ndi tsiku kuopa ya minibasi? Ku Zingwangwa ndinapondako kamodzi kokha, kumaliro. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, anzanga a muofesi ataima poteropo kuonerera ngati kwabwera gule. Koma kenaka anyamatawo anatulutsa silipi yanga ya malipiro a mwezi wa Malichi, yeniyeni, ndi chiphaso changa cha kuntchito chimene chinasowa nthawi ya Pasaka. Chithunzi chake chinafwifwa kale, koma dzina likuwerengeka bwinobwino. Pali munthu m'tauni muno amene akudya ndalama za eni pa dzina langa.

Ine ndikuganizira mayi wa khomo loyandikana ndi langa. Amalowa m'nyumba mwanga ngati mwake, lero mchere, mawa machesi, maso akungoyendayenda. Ndamulalatira kale, pano sitikupatsana moni, ndipo ndikapeza umboni adzandidziwa bwino.

Tsono pempho langa ndi ili. Achemwali a Petronela anakhala kuno kuyambira Malichi mpaka pakati pa Meyi, madzi osefukira atawagwetsera nyumba, ndipo masana ankatsala pakhomo ine ndili kuntchito. Muwafunse ngati anaonapo munthu akulowa kuchipinda kwanga. Mundiyankhe msanga chonde, anyamata aja akuti abweranso kumapeto kwa mwezi.

Ndine mlongo wanu,
Jesinta.

Tengani,
Nsanje.
24 Juni, 1997.

Jesinta,

Tadzuka bwino tonse kupatula amayi. Kalata yako yafika dzana, chidukire njanji ku Chiromo chilichonse chikuchedwa.

Ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndikuseka. Nkhani ya anyamata a magalasi wailuka bwino, ukanaitumiza kuwailesi akanakupatsa mphoto. Chaka chatha unati akubera m'minibasi, mu Januwale unati malipiro achedwa, lero kwabwera Hawkins. Ukafuna kutimana uzingonena kuti sindikufuna, tidziwe chimodzi.

Mwendo wa amayi watupa mpaka m'bondo. Kuchipatala cha mishoni akufuna ndalama, ndipo thonje langa linapita ndi madzi, iwe ukudziwa. Ndiwanyamule pa njinga ulendo wonsewo, ndikafika ndikalipire nthano ya katapila?

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi kukondera kwako. Petronela wabwera kuchokera kwanuko ndi malata pa lole, wafolera kanyumba kake katsopano, ndipo wayamba geni ya mlamba wouma pamsika. Amayi atamufunsa, anati ndi mphatso yochokera kwa mng'ono wake. Tonse tinaomba m'manja, amayi mpaka kukutchula m'pemphero la madzulo. Ndiye za malata zinapezeka, koma za mwendo wa mayi wokubala zikusowa? Kapena munapangana awirinu kuti ine ndisamadziwe zimene mukupatsana?

Za funso lako, ndamufunsa. Akuti sanaone munthu aliyense, kenaka anaseka mpaka kukhala pansi. Chimene chinamuseketsa sindikuchidziwa.

Tumiza ndalamayo kwa kondakitala wa basi ya Lachinayi monga mwa nthawi zonse.

Ndine mlongo wako,
Venansio.

Ndirande,
Blantyre.
6 Julaye, 1997.

Achemwali a Petronela,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero, osati kuti ndikufuna kumva mmene mwadzukira. Mwadzuka bwino, ndikudziwa. Pansi pa malata atsopano munthu sadzuka moipa.

Mphatso yochokera kwa mng'ono wanu! Ndinakupatsani liti? Pochoka kuno ndinakupatsani ya basi, sopo ndi zitenje ziwiri, basi. Nditawerenga kalata ya achimwene ndinazindikira kuti ndinu. Dzulo ndinakwera minibasi kupita ku Zingwangwa kukamuona Hawkinsyo maso ndi maso.

Ndinamupeza kuseri kwa golosale yake, atakhala pakati pa mawailesi ndi makina osokera a anthu olephera kubweza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Nkhope si imeneyi, koma magazi ndi amodzi. Ujayu anali ndi mpata kumano, ndipo amaseka pafupipafupi." Mpata kumano m'banja mwathu ali nawo ndani? Kenaka anatsegula kabati n'kundionetsa chikole chimene munasiya pamodzi ndi silipi yanga: kadi yanu ya ubatizo, ya ku parishi kwathu.

Ndinati, bambo, mwaona nokha kuti si ine, ndisiyeni. Anaseka. Akuti iye sakongoza nkhope, amakongoza dzina ndi malipiro, ndipo malipiro a Petronela Khembo amatulukira pageti limodzi lokha. Akuti ngati tilipo awiri, tikagawane tokha kunyumba.

Achemwali, munagona m'nyumba mwanga, kudya zanga, kusamba sopo wanga, masana n'kumapisa m'sutikesi mwanga. Munandiona ndikusakasaka chiphaso chija mpaka pansi pa bedi, inu n'kumandithandiza kusaka! Mulibe manyazi? Mayi woyandikana naye uja ndinamutukwana pagulu popanda mlandu. Lero m'mawa ndakamupepesa ndi paketi ya shuga, maso ali pansi.

Tsono imvani chimene mwandiputira. Anyamata aja anabweranso tsiku la malipiro a Juni n'kuchita phokoso mpaka abwana aakulu anasuzumira pawindo. Abwana oona za antchito anandiitana. Akuti fakitale si msika. Andipatsa mpaka kumapeto kwa Ogasiti: ndibweze ngongoleyo, apo ayi ndibweretse kalata ya apolisi yonena kuti wakuba wapezeka ndipo si ine. Kupanda apo, ntchito yatha. Ntchito imeneyi ndi imene imagulira amayi mankhwala, ndi imene inakudyetsani inu miyezi itatu.

Sasulani malatawo mugulitse, mlambawo mugulitsenso, mubwere ndi ndalama kuno mwezi uno usanathe. Kano n'komaliza kukuuzani mwaulemu.

Jesinta.

Tengani,
Nsanje.
19 Julaye, 1997.

Iwe Jesinta,

Inde, tadzuka bwino, ine ndi ana anga onse anayi. Zikomo pofunsa, ngakhale sunafunse.

Ukuti ndakubera dzina. Dzina lake liti? Hawkins anandifunsa kuti ndine yani, ndinati Petronela Khembo. Ndinanama? Anafuna umboni, ndinapereka kadi imene abambo mfumu anandilembera ndili khanda. Ndi yako imeneyo? Anati sainani apa, ndinalemba dzina limene amayi amandiitana nalo kuyambira ndisanamere mano. Tandiuza pamene pali bodza.

Popeza waiwala, ndikukumbutse. Unandipitirira kusukulu chifukwa ine ndinaima zaka zitatu kulima thonje ndi abambo kuti fizi yako ndi ya achimwene ipezeke. Unalemba Sitandade 8 kawiri, osasankhidwa, ndipo aliyense ankanena kuti dzina la wobwereza kusekondale salitenga. Chaka cha 1983, ine nditafika mu Sitandade 8 ndi dzina loyera, losalembapo mayeso, abambo anapita kwa aphunzitsi ndi tambala m'khwapa. Pobwera anandiuza kuti, "Mng'ono wako alembere dzina lako, iwe udzalemba chaka chamawa." Ndi yunifolomu yanga yomwe unavala ndi iwe. Chaka chamawacho chinabwera ndi mwamuna, osati mayeso. Mwamunayonso nkhondo itatha anawoloka kubwerera kwawo ku Mozambiki, mpaka lero zii, wandisiya ndi ana.

Zaka khumi ndi zinayi ukudyera dzina langa. Satifiketi ndi ya Petronela, buku la kubanki ndi la Petronela, ngakhale chaka chobadwa pa chiphaso chako ndi changa. Unanenapo zikomo tsiku limodzi? Munthu akabwereka khasu, pobweza amatengako ngakhale chimanga chiwiri.

Madzi atandigwetsera nyumba ndinabwera kwa iwe, ndinakugwadira, ine mkulu wako, kuti undikongoze ya malata. Unati zinthu zavuta, sabata yomweyo n'kulowetsa masofa a maluwa m'nyumba. Zimenezo ndikanapirira. Chimene sindidzaiwala ndi tsiku lija anabwera anzako a kuntchito. Unanditengera kukhitchini n'kundinong'oneza kuti, "Achemwali, kuno ma Petronela sangakhale awiri, muzivomera la Jesinta." Miyezi itatu ndinkavomera dzina la wolephera mayeso, ndikuthirira tiyi anzako amene ankakuitana iwe dzina langa. Ndinkalira pamphasa iwe ukuliza mkonono pabedi. Tsiku limene ndinaona silipi ija m'sutikesi, dzina langa pamwamba, ndalama pansi pake, ndinati Mulungu wandionetsa malipiro anga.

Malata sindisasula. Uwatenge ngati lendi ya dzina, ndipo ndakuchotsera kwambiri. Ukufuna kupita kupolisi? Pita, ino ndi matipate, aliyense ali ndi pakamwa. Nanenso ndikawauza abwana akowo kuti mayeso analemba ndani ndipo dzina ndi la yani, tione amene ayambe kutuluka pagetipo. Nsalu yobwereka sithetsa usiwa, mng'ono wanga.

Ndine Petronela, mwini wake.

Tengani,
Nsanje.
1 Ogasiti, 1997.

Jesinta,

Tili bwino. Amayi mwendo waphwako pang'ono, ndinagulitsa mbuzi kuti akaonane ndi adokotala. Za kukutcha wabodza zija ndinalakwa, zapita.

Petronela ndamukalipira pamaso pa amayi mpaka anthu odutsa m'njira anaima. Walakwa, palibe amene akumuikira kumbuyo. Koma atayamba kulira n'kutchula za tambala wa abambo uja, ndinamusiya, chifukwa ine ndi amayi tonse tinalipo tsiku limenelo ndipo palibe anatsegula pakamwa.

Mawu a amayi ndi awa: nkhani ya m'nyumba isapite kupolisi. Malata sasasulidwa, ana agona pati mvula ikayamba? Iwe uli pantchito, kongola kwina ubweze kwa Hawkinsyo, pang'onopang'ono udzamaliza. Chibale ndi fupa, sichiola. Ukachita makani mutaya nonse awiri, iye ufulu, iwe ntchito, ndipo abambo muwachititsa manyazi m'manda momwe.

Ukapeza kangachepe uganizireko mbuzi yanga ija.

Ndine mlongo wako,
Venansio.

Ndirande,
Blantyre.
10 Ogasiti, 1997.

Achimwene,

Moni kwa amayi okha.

Kongola kwina! Mwakhala pansi anthu akuluakulu, nzeru imene mwapeza ndi yoti ndizimitse moto ndi palafini? Mukudziwa mmene katapila amaberekera inu? Mwezi ukatha, theka la ngongole limawonjezeka pamwamba. Pano zadutsa K15,000. Lamulungu lapitali anyamata aja anabwera ndi pikapu, ananyamula masofa, wailesi ndi mbaula ya magetsi, anthu a mulaini monse ali bii kuonerera. Akuti zimenezo n'za chiwongoladzanja chabe.

Inde, dzina linali la achemwali, sindikukana. Koma ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, abambo anandifunsa maganizo? Ndipo dzina limalemba mayeso? Amene ankawerenga ndi koloboyi mpaka maso kufiira ndi ine. Amene ankagona ndi njala kusekondale ndi ine. Amene amatukwanidwa ndi mabwana kuti ana anu avale yunifolomu ndi ine. Pamaliro a abambo bokosi anagula ndani? Pamenepo palibe anafunsa kuti ndalamazi zatuluka pa dzina la yani, munangolandira ndi manja awiri.

Mukuti chibale ndi fupa. Ndaona, fupalo ndine, ndipo nonse mukufuna mafuta a m'kati mwake.

Mwezi ukutha uwu. Ndikachotsedwa ntchito ndi mbiri ya katapila, palibe kampani ina imene idzanditenge m'Blantyre muno, ndipo kumudziko ndibwera kudzadya chiyani, malata? Ntchito yanga sindiitaya chifukwa cha munthu amene akuseka mpaka kukhala pansi. Mwandipanikiza nonse, ndiye musadzadabwe.

Za mbuzi yanu kafunseni kwa ogulitsa mlamba.

Jesinta.

Ndirande,
Blantyre.
14 Ogasiti, 1997.

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ndaganiza mofatsa pa zimene munalemba, ndipo mtima wanga watsika. Tisadyane ngati agalu anthu akutiseka.

Ndalankhula ndi a Hawkins. Akuti mukabwera, tikaonekere pamaso pawo tonse awiri, achotsa chiwongoladzanja, ndipo zotsalazo ndizibweza ine pang'onopang'ono. Kadi yanu ya ubatizo akubwezeraninso. Malata akhale pomwepo.

Ya basi ndapatsira kondakitala pamodzi ndi kalatayi. Mukwere ya Lachisanu pa 22, ndikakudikirani pa Wenela. Ana muwasiye kwa alamu, ndi ulendo wa masiku awiri okha.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Jesinta.

Kundende,
Blantyre.
14 Seputembala, 1997.

Achimwene,

Ana anga ali bwanji? Akudya? Mundiyankhe zimenezo kaye. Kalatayi ndapatsira asisitere amene amabwera kudzapemphera nafe Lamulungu. Mukamandiyankha, pa envulopu mulembe Jesinta Khembo, apo ayi siindipeza. Kuno ndi dzina limene andilembera.

Ndinatsika basi pa Wenela ndili ndi mtolo wa mlamba wabwino, wosankha, woti ndimupatse mng'ono wanga popeza tagwirizana. Ndinamuona ataima pafupi ndi ogulitsa nthochi, ndinamumwetulira ine chitsiru. Iye sanasunthe, anangoloza ndi chala. Apolisi awiri ovala zovala wamba anandigwira mikono uku ndi uku. "Ndinu Jesinta Khembo?" Ndinati ayi, Jesinta ndi uyo waima apoyo. Anaseka, akuti anachenjezedwa kale kuti ndidzatero. Mlamba uja unatsala pansi, sindikudziwa anadya ndani.

Kukhoti sindinakane kuti ndalama ndinatenga. Ndinati ndinatenga pa dzina langa. Woweruza anati umboni uli kuti? Ndinaloza kadi yanga ya ubatizo ili patebulo pomwepo. Anati imeneyo ndi imodzi mwa katundu amene ndinaba m'sutikesi ya wodandaula. Mng'ono wangayo anatulutsa masatifiketi, buku la kubanki, chiphaso chatsopano, zonse za zidindo. Ine ndinali ndi pakamwa pokha. Kenaka anaimika anzake awiri a kuntchito ndi mayi woyandikana naye uja, onse analumbira kuti miyezi itatu ankandiitana Jesinta ndipo ndinkavomera. Sananame, achimwene, ndinkavomeradi.

Ndinanena za tambala ndi za mayeso a 1983, anthu m'khoti anaseka. Woweruza anamufunsa iye ngati zili zoona. Anagwira Baibulo, osaphethira, n'kunena kuti, "Ine ndine Petronela chibadwire. Uyu ndi Jesinta, ndipo nsanje anayamba nayo kalekale." Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Kuba ndinaba, ndivomere, koma ine sindinamukane kuti si m'bale wanga wa bere limodzi. Ndamuda, achimwene, ndamuda ndi mtima wanga wonse, ndipo asisitere ndawauza kuti asandivutitse ndi za kukhululuka.

Andipatsa chaka chimodzi ndi miyezi itatu. Kadi yanga anamupatsa iye, ndinamuona akuika m'chikwama.

Sindikupempha kuti mundiombole, ndalama mulibe. Mundisungire ana, ndipo malata asawakhudze munthu. Amayi muwauze kuti ndikudya, ngakhale ndi bodza. Mng'ono wangayo mumuuze kuti chaka sichichedwa kutha.

Ndine mlongo wanu,
amene inu mukumudziwa dzina.

Ndirande,
Blantyre.
18 Seputembala, 1997.

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi amayi. Zimene zachitika mwina mwamva kale. Kalata ya apolisi ndinapereka, abwana aisunga, ntchito ilipo. Anyamata a Hawkins sakuonekanso pageti, ngakhale masofa sanabweze.

Musandione ngati mfiti. Ndinapempha mwaulemu, ndinachenjeza, inu munandiyankha ndi miyambi. Panali poti mmodzi agwe, ndipo amene anakumba dzenjelo si ine. Tulo sindikuona, ngati zimenezo zingakusangalatseni, koma zitabwereranso ndikhoza kuchita chimodzimodzi.

Ndatumiza K600, ya mankhwala a amayi ndi ya ufa wa ana a achemwali. Mwezi wamawa ndiyamba kukubwezerani mbuzi.

Ndine mlongo wanu,
Jesinta.

Tengani,
Nsanje.
1 Okutobala, 1997.

Kwa a Petronela Khembo,

Tikhulupirira muli bwino. Mutikhululukire ngati moni wathu waperewera, sitinazolowere kulembera anthu a mapepala ngati inu.

Makalata awiri anafika tsiku limodzi, yanu ndi ya kundende. Nditawawerengera amayi, ndinavala nsapato kuti ndikwere basi ndikanene zoona kukhoti, ngakhale kutenga mudzi wonse ukhale mboni. Amayi anakwawa ndi mwendo wawo uja n'kukhala pakhomo. Akuti, "Wina ali kale m'ndende, ukufuna ukalowetsenso winayo? Ndiye ife tidzadya dothi?" Ndinavula nsapato. K600 yanu tadya, sindikubisirani, ndipo ikuwawa pakhosi.

Tsono takhala pansi monga banja, ndipo tagwirizana kuti ife sititsutsana ndi boma. Munagwira Baibulo n'kunena kuti Petronela ndinu chibadwire. Chabwino. Jesinta wathu ali kundende, tikumupempherera, ndipo akadzatuluka nyumba yake ya malata adzaipeza ili chilili. Kumudzi kuno malo a Jesinta wachiwiri kulibe, choncho musavutike kubwera pa Khirisimasi.

Koma Petronela ali ndi ana anayi. Kusukulu analembetsa kuti mayi wawo ndi Petronela, ku parishi chimodzimodzi, ndipo eni akewo mukawafunsa akuuzani dzina lomwelo. Ine ndili ndi anga asanu ndi mbuzi ziwiri, sindingasunge ana amene mayi wawo ali pa malipiro m'tauni. Amene wakupatsani kalatayi ndi Anastasia, woyamba uja, atatu enawo ali kumbuyo kwake. Kondakitala tamulipira kuti awafikitse mpaka pakhomo panu.

Tawauza kuti akupita kwa amayi awo. Akafunsa kuti ali kuti, muwayankhe nokha, inu ndi amene mumadziwa kuyankha mafunso otere.

Wamng'onoyo akumakodza pogona chichokere mayi ake. Musamumenye.

Venansio Khembo.